Lupu ya Mirena: mmene zilili patatha miyezi 14

Amayi anzanga kuno ku Harare mwakhala mukundifunsa za lupu ija ndinaikitsa chaka chatha, ndiye ndati ndifotokoze kamodzi.

Msambo unandizunza zaka zambiri. Masiku 9, nthawi zina 10, magazi oundana, mapadi awiri nthawi imodzi, chitenje chakuda pamwamba. Mu kombi yochokera ku Mufakose kupita ku Mbare, kumene ndimagulitsa nyemba ndi matemba, ndinkatsika pomalizira kuti ndiyambe ndayang'ana pampando. Atandiyeza magazi anapeza ali pa 8, pomwe mayi amayenera kukhala pa 12 kapena kuposerapo. Sikani inaonetsa kachotupa kakang'ono m'chiberekero. Dokotala woyamba anatchula zochotsa chiberekero. Ndili ndi zaka 41, ana atatu andikwana, komabe mtima unakana.

Wachiwiri anayamba wandipatsa mapiritsi a tranexamic acid, omwa masiku a msambo okha. Anathandiza, koma pang'ono. Kenaka ndiye Mirena. Musaisokoneze ndi lupu ya kopa imene ambiri timaidziwa, chifukwa ija imatha kuchulukitsa magazi. Iyi imatulutsa pang'onopang'ono mankhwala otchedwa levonorgestrel, amene amachititsa kuti kachikopa ka mkati mwa chiberekero, komwe kamayoyoka pa msambo, kasakhuthale. Kuika kwake ndi mphindi zochepa, ululu wake ngati matenda a uchembere akungoyamba kumene.

Miyezi inayi yoyambirira ndinatsala pang'ono kukaichotsa. Timagazi tinkangodontha pafupifupi tsiku lililonse, osati tambiri, koma tosatha. Mabere kuwawa, ziphuphu kumaso ngati namwali. Apongozi anga akuti: "Mayi a ana, magazi oipa akutsalira m'thupi amenewo." Sanali kunena mwachipongwe, anali ndi mantha enieni, ndipo nanenso anandilowa. Namwino anandiuza kuti palibe magazi amene akuunjikana, kungoti oti atuluke achepa, ndipo ndipirire mpaka miyezi 6. Bambo a kunyumba nawonso anadandaula timaulusi ta lupuyo, kuchipatala anakatidulako, nkhani inatha.

Mwezi wa 7 ndinasamba masiku atatu okha. Panopa ndi awiri, mwezi wina osaona n'komwe. Magazi afika pa 12, ngakhale apa mapiritsi owonjezera magazi anagwiranso ntchito yawo, ndi kudzimbidwa kwake komwe. Chizungulire ndi befu ponyamula thumba zinatha.

Zondidandaulitsa zilipo. Ndinachita kugula ndekha ku famase ndi madola, ndipo inandidyera mpamba. Kachotupa kaja kalipobe, lupu siichotsa zotupa, ndiye sikani ndimapitabe. Siitetezanso ku HIV. Ndipo musathamangire kuikitsa musanayezedwe, chifukwa zochititsa magazi ambiri n'zosiyanasiyana, zina n'zoopsa.

Pa vuto la magazili anandiuza kuti imagwira ntchito zaka 5. Zikakwana ndidzaikitsa ina. Chitenje chakuda chija pano ndimavindikirira matemba.