Ma servo otembenuza sola atatha miyezi khumi padzuwa la ku Nchalo

Sabata yatha anzanga ena amene amaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale cha ku Ngabu anandiimbira foni. Anandifunsa kuti, "Achimwene, kachipangizo kanu kotsatira dzuwa kaja kakugwirabe ntchito? Ana anga akufuna kupanga kofanana nako, ndiye tigule ma servo ati?" Ndinalephera kuwayankha bwinobwino pafoni chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, choncho ndaganiza zolemba zimene ndaona kuyambira mu Meyi chaka chatha pamene ndinakaimika kuseri kwa nyumba kuno ku Nchalo.

Kachipangizoka kamanyamula sola ya mawati 10, yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, imene imatchaja batire ya mavoti 12. Ma servo ndi timamota tokhala ndi magiya timene timatembenuza solayo. Poyamba servo yapansi inkazungulitsa sola kumanja ndi kumanzere, pomwe yapamwamba inkaiweramitsa ndi kuidzutsa. Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono kolamula ma servo) ndi ma LDR anayi (timaso tamagetsi tozindikira kuwala), omwe ndinawalekanitsa ndi timatabwa topingasana kuti mthunzi uziwauza kumene kuli dzuwa, sizinandivutitsepo ngakhale tsiku limodzi.

Ma servo a mtundu wa SG90 amene ndinayamba nawo sindiwadandaula, chifukwa wolakwa ndinali ineyo. Mphamvu yake yopotokola ndi pafupifupi 1.8 kg·cm ndipo magiya ake ndi apulasitiki, pamene sola ya kilogalamu imodzi, kulemera kwake kukakhala masentimita 10 kuchoka pamene ikupindikira, imafuna 10 kg·cm mphepo isanayambe n'komwe kuomba. Kamvuluvulu woyamba amene anadutsa pabwalo anagulula mano a giya, sola n'kugwada.

Kenako ndinaitanitsa ma MG996R awiri kwa wogulitsa wina wa ku Limbe, amene anawatumiza pa minibasi nditalipira pafoni. Pa mavoti 6 servo imeneyi imafika cha m'ma 11 kg·cm, koma ikakakamira imakoka maampu okwana 2.5, ndipo magetsi otere sangadutse mu Arduino. Ndinaika LM2596 yotsitsa magetsi a batire kufika pa mavoti 6, ndikulumikiza mawaya a negetivu pamodzi, ndipo kuyambira Juni mpaka Sepitembala zonse zinayenda mwamyaa. Nthawi imeneyo aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti agule MG996R osakayika.

Vuto linayamba dzuwa litakwera. Kuno tili pafupifupi madigiri 16 kumwera kwa equator, choncho kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, kenako limapendekera kumwera mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale pamene limadutsanso pamutu pobwerera kumpoto. Zojambula zimene ndinatsatira pa intaneti zinali za anthu a maiko amene dzuwa la masana limakhala mbali imodzi chaka chonse, ndipo ine sindinaliganizire zimenezo. Servo yanga yapansi imazungulira madigiri 180 okha, kuchokera kummawa kudzera kumpoto mpaka kumadzulo, ndiye dzuwa litayamba kutulukira chakumwera pang'ono inkafika pamapeto n'kuima, sola ikuyang'ana pambali. Choipa kwambiri chinkachitika masana. Sola ikagona chagada, kuizungulitsa kumanja kapena kumanzere sikusintha kwenikweni kuwala kumene ma LDR akulandira, koma pulogalamu inkapitirizabe kulamula kuti ifunefune. Ndinkakhala pakhonde n'kumaimva ikulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ikutembenukira uku ndi uku osapuma, pa nthawi imene kutentha kwa m'chigwa muno kumapitirira madigiri 40 ndipo munthu sungaponde pansi wopanda nsapato. Tsiku lina nditaikhudza inanditentha chala, ndipo patapita masiku atatu ndinamva fungo la waya wopsa, servo n'kukhala chete.

Nditamasula timasikuluu tinayi ta kunsi kwake ndinapeza girisi yasungunuka n'kusakanikirana ndi fumbi, ndipo pakati pa magiya achitsulo panali giya imodzi yoyera yapulasitiki, mano ake ataperepeseka. Apa m'pamene mtima unandipweteka, chifukwa pogula ndinafunsa kawiri konse ngati magiya onse ndi achitsulo, ndipo wogulitsayo ananditsimikizira. Ma servo a nambala imeneyi amapangidwa ndi mafakitale ambiri otengera, ndiye zolembedwa kunja sizikuuza zimene zili mkati. Ndinamutumizira chithunzi pa WhatsApp, iye n'kuyankha kuti, "Bwana, katundu wamagetsi akatuluka m'sitolo sabwereranso." Ndinavomera kuti kupsa kwa mota kunachokera ku pulogalamu yanga, koma ndinaumirira kuti za giya ija anandinamiza. Anakhala sabata ziwiri osayankha mauthenga anga, ndipo masiku amenewo ndinatsala pang'ono kuchotsa zonse kuti ndingokhomera sola padenga monga amachitira aliyense. Nditapita ndekha ku Limbe ndi servo yomasulayo m'thumba, anaiyang'ana kwa nthawi ndithu, n'kunena kuti nayenso anaigula kwa ena osaitsegula, ndipo anandichotsera mtengo wa servo yopsayo pa servo ina ya DS3218 imene ndinatenga. Ndalama ya minibasi kukwera ndi kutsika mapiri a Thabwa inaposa imene anandichotserayo, komabe ndinabwerera mtima uli m'malo chifukwa anavomera.

DS3218 ili ndi mphamvu pafupifupi 20 kg·cm ndipo ndi yotsekedwa bwino, moti mvula ya Januwale ndi Febuluwale sinailowe. Koma chimene chinathetsa vuto ndi kusintha mamangidwe. Ndinasiya zozungulitsa zija, tsopano servo yatsopanoyi imapendeketsa sola kuchokera kummawa kupita kumadzulo, pomwe MG996R yotsala ija imaipendeketsa kumpoto ndi kumwera, kumene dzuwa la masana limasuntha madigiri 47 okha chaka chonse. Popeza dzuwa limayenda madigiri 15 pa ola, ndinakonza pulogalamu kuti ma servo azidzuka kamodzi pa mphindi khumi, asunthe pang'ono, kenako switchi yamagetsi yotchedwa MOSFET idule magetsi awo. Ndinasunthanso sola kuti izipindikira pakati penipeni kuti isamagwe magetsi akadulidwa, ngakhale kuti mphepo yamphamvu imaikankhabe mpaka ma servo atadzukanso. Febuluwale dzuwa linadutsa paliwombo popanda kulira kulikonse.

Kumbali ya ndalama, sola yaing'ono chonchi siingabweze zimene ndawononga. Servo imodzi yokakamira imadya mawati 15, kuposa amene sola yonseyo imatulutsa, ndipo ndikaphatikiza ma servo asanu amene ndagula ndi ulendo wa ku Limbe, ndikanagula sola yachiwiri n'kupeza magetsi ochuluka osavutika. Zipangizo zoterezi zimachokera kunja ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho kugula molakwika kumapweteka. Aphunzitsi aja ndawauza kuti ngati cholinga ndi kuphunzitsa ana m'kalasi ndi kasola kolowa m'manja, SG90 ikwanira, koma ngati chipangizocho chizikhala panja agule DS3218 ya kummawa ndi kumadzulo, ndipo MG996R iliyonse aitsegule pamaso pa wogulitsa asanapereke ndalama. Loweruka likubwerali ndikupita ku Ngabu ndi servo yopsa ija kuti anawo akaone giya yoyerayo ndi maso awo.