Steam Deck OLED patatha miyezi ndikuigwiritsa ntchito ngati kompyuta ya Linux

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti kamakina kaja kakuyenda bwanji, nde ndati ndingolemba kamodzi. Ndi Steam Deck OLED ya 512GB, kamakina ka magemu konyamula m'manja komwe kampani ya Valve inatulutsa mu November 2023. Magemu ndimasewera inde, koma chomwe ndinkafuna kwenikweni ndi kompyuta yonyamula m'manja yobwera ndi Linux (sisitimu yoyendetsa kompyuta, ngati mmene ilili Windows) kuchokera kufakitale, osati kugula ya Windows ngati ROG Ally kenako nkumachezera usiku kusaka madiraiva.

Ndisanagule ndinayang'ananso uConsole ya ClockworkPi, ili ndi kiyibodi pompo, sikirini ya mainchesi 5, mkati muli Raspberry Pi Compute Module 4 ndipo mabatire ake ndi a 18650 osintha wekha. Inanso ndi MNT Pocket Reform ya ku Berlin yomwe imayendera Debian, mtundu wina wa Linux, iyi ndimailemekeza zedi chifukwa ngakhale mapulani a hadiweya yake ali poyera, koma mtengo wake ndi wokwera kuposa Deck yomwe inatuluka pa madola 549. Mphamvu nazo zimasiyana, Deck ili ndi purosesa ya AMD ndi RAM ya 16GB.

Koma chomwe chandisangalatsa miyezi yonseyi si mphamvuzo ayi, ndi mmene a Valve anakonzera SteamOS, sisitimu yomwe imayendetsa Deck. Pansi pake ndi Arch Linux, ndipo amene munagwirapo Arch mukudziwa kuti imafuna kuisamala ngati mwana wakhanda, ukaiwala kuwerenga nkhani za apudeti mawa lake uli pa terminal (polembera ma command) kukonza. Apa nzosiyana. Sisitimu yeniyeniyo ndi yokiya, sungalembemo, apudeti ikabwera imalowa mbali ina ya disiki yonse yathunthu, ikakanika makina amabwerera ku yakale ija. Mapulogalamu umatenga mu sitolo yotchedwa Discover, ndi ma Flatpak (mapulogalamu opakidwa paokha) ochokera pa Flathub, ndipo amakhala pambali osakhudza sisitimu. Ukhoza kutsegula loko uja nkuika zinthu ndi pacman, choikira mapulogalamu cha Arch, koma dziwa kuti apudeti yotsatira idzazisesa zonse. Anthu ena a Linux zimawanyansa zimenezi, ine ndikuona kuti ndi chifukwa chake makinawa amangoyaka tsiku ndi tsiku opanda nkhani. Zofuna terminal ndimapangira mu distrobox, yomwe imayendetsa Linux ina pambali osakhudza sisitimu, basi zathera pompo.

Ukasintha kupita ku Desktop Mode umapeza KDE Plasma yonse, desktop ngati ya kompyuta wamba, ndipo ukhoza kuikamo Firefox, LibreOffice, GIMP, chilichonse. Ndikafika kunyumba ndimalumikiza kahabu ka USB-C, monita, kiyibodi ndi mausi, ndipo palibe angadziwe kuti ndikugwira ntchito pa makina a magemu. Koma mvetsani apa abale, popanda kiyibodi yeniyeni kulemba ndi ntchito, ya pa sikirini ija ndi yolembera pasiwedi ndi kameseji kakafupi osati lipoti. Komanso m'thumba la buluku sizingatheke, m'litali ndi pafupifupi masentimita 30 ndipo imalemera magalamu 640, malo ake ndi m'chikwama. Ngati maloto anu ndi kutayipa ma command muli mu minibasi, uConsole ija ndiyo yanu.

Batire ndi ya 50Wh. Gemu yolemera imaimaliza m'maola awiri kapena atatu, zopepuka ndi kuwerenga zimafika kutali, ndipo pali kasilaida kotsitsa mphamvu ya purosesa kuchoka pa 15W kupita pansi, ukatsitsa pamodzi ndi ma frame (zithunzi zomwe gemu ikuonetsa pa sekondi) kusiyana kumaoneka ndithu. Magetsi akathima ndimangopitiriza ntchito. Ukadina batani imagona pompo, ukadinanso imadzukira pomwe unasiyira ngakhale pakati pa gemu. Chaja yake ndi ya 45W, nde pawabanki ikhale ya USB-C PD yamphamvu ngati imeneyo, izi zotchajira foni sizikwanitsa uku ukugwiritsa ntchito.

Data ndiye samalani. Magemu akuluakulu ena amadutsa 100GB, kuphatikiza apo Steam, pulogalamu ya Valve yogulira ndi kuseweretsa magemu, imadaunilodanso ma shader (mafailo othandiza pa zithunzi za gemu) ndi ma apudeti mwakachetechete. Shader pre-caching ukhoza kuithimitsa mu ma settings, ndipo Offline Mode imathandiza, koma zodaunilodi zikuluzikulu dikirani mupeze Wi-Fi, pa bandulo ya foni mulira.

Kwa okonda mpira ndinene poyera, EA Sports FC siyenda pa Linux chifukwa cha anti-cheat yake, pulogalamu yoletsa kubera pa gemu. Fortnite ndi Valorant chimodzimodzi, Apex Legends nayo inasiya kulola Linux chakumapeto kwa 2024. Magemu ena ambirimbiri a Windows amayenda bwinobwino kudzera mu Proton, yomwe inamangidwa pa Wine (zonsezi ndi zoyendetsera mapulogalamu a Windows pa Linux), koma fufuzani kaye gemu yanu pa webusaiti ya ProtonDB musanatulutse ndalama.

Pa nkhani ya open source, kutanthauza mapulogalamu omwe code yake ili poyera, tisanamizane. Kernel, KDE, Mesa, Proton, gamescope zonsezi nzotseguka, ndipo mu 2024 a Arch Linux analengeza kuti Valve ikuthandiza mwachindunji ntchito yawo, zimenezi zimandipatsa chikhulupiriro kuti sisitimuyi ili ndi eni ake oisamalira mawa ndi mkuja. Koma pulogalamu ya Steam yeniyeniyo ndi yotseka, ndipo kuti uyambe kugwiritsa ntchito makinawa pamafunika akaunti ya Steam. Ubwino wake sanakiye makinawo, ukafuna ukhoza kufufuta zonse nkuika Bazzite kapena Linux ina iliyonse. Amene akufuna ufulu wonse mpaka pa bolodi, Pocket Reform ndi yomwe ikuyankha funso lake.

Kugula kwake, Valve sigulitsa mwachindunji kuno ku Africa, yanga inabwera ndi m'bale wochokera ku UK, nde ganizirani kuti ikadzafuna waranti ulendo wake ndi wautali. Chimanditonthoza nchoti zipangizo zosinthira monga ma joystick, fani ndi batire zimagulitsidwa ku kampani ya iFixit, SSD yake ndi ya M.2 2230 yochotseka, ndipo pali pobaya microSD. Mukamagula yogwiritsidwapo kale, yesani ma joystick onse awiri ngati sakudziyendera okha, mumvetsere fani, kenako lowani mu Desktop Mode muone thanzi la batire musanapereke ndalama.