Buledi wa ku Japan ndi wokoma, koma musagulitsire munda

Abale anga, ambiri mwa inu mukaona zithunzi za mabekale a kuno ku Tokyo mumandifunsa kuti mubwere bwanji. Ndiyankhe nonse pamodzi, chifukwa ena mwayamba kale kuitanitsa ogula ng'ombe za makolo anu.

Ndiyambe ndi buledi weniweniyo, poti ndi wokomadi. Ukalowa m'bekale umatenga thireyi ndi chopanira, n'kumadzisankhira wekha. Pali anpan, kabanzi kofewa kokhala ndi nyemba zofiira zophikidwa ndi shuga m'kati. Nyemba za shuga, inde. Lilime la kwathu limayamba lakana, koma likazolowera silifunanso china pa tiyi. Banzi imeneyi inayambira ku Ginza, dera la mu Tokyo, m'chaka cha 1874, ndipo mu 1875 anakaipereka kwa mfumu ya Japan, Meiji. Pali melonpan, wapamwamba pake pokhukhuta ngati bisiketi, m'kati muli wofuwofu. Pali kare pan, wokazinga m'mafuta ngati mandasi koma m'kati muli ndiwo zothira kare (curry). Pali shokupan, buledi woyera wa magawo okhuthala, wofewa kuposa aliyense amene ndinadyapo. Amaikanso ngakhale zakudya zonga supageti m'kati mwa banzi, amati yakisoba pan. Ameneyo ine sindinamukonde.

Koma tamverani mitengo. Kabanzi kamodzi m'bekale ya m'dera lathu ndi mayeni (ndalama ya ku Japan) 200 mpaka 300, ndipo kamatha pakamwa katatu. Munthu wokula ndi nsima kuti amve kuti wadya ayenera kutenga tinayi, ndiye kuti mayeni 1,000 apita, pofika madzulo njala ili pomwepo. Ukanena kuti udyera pompo msonkho ndi 10 peresenti, ukatenga kukadyera kunyumba ndi 8 peresenti, lamulo la kuyambira Okutobala 2019. Jumbo nayo amagulitsa kuyambira Julayi 2020. Zimenezi n'zazing'ono, ndipo amazilemba poyera. Zobisika zili kwina.

Munthu amene anandikonzera ulendo ndili kumudzi anandiuza kuti ndikafika pa sukulu ya chilankhulo, ntchito ya m'bekale ikundidikira, malipiro mayeni 250,000 pamwezi, buledi wodya waulere, fizi idzadzilipira yokha. Anandidya ndalama yokwana madola 1,500 yongolembera mapepala. Chimene sananene n'chakuti wobwera pa viza ya sukulu amaloledwa kugwira ntchito maola 28 okha pa sabata, ndiponso pokhapokha atapatsidwa chilolezo chapadera. Werengani nokha. Malipiro otsikitsitsa ku Tokyo kuyambira Okutobala 2024 anali mayeni 1,163 pa ola. Kuchulukitsa ndi 28, ndi mayeni 32,564 pa sabata, pa masabata anayi pafupifupi 130,000. Nanga 250,000 ija ikanachokera kuti? Iyeyo ankadziwa kuti ndi bodza, ndipo ananama akundiyang'ana m'maso.

Ndiye bekale ija inapezeka kuti ndi fakitale ya kunja kwa tauni, yopanga mabanzi opita m'mashopu. Ntchito ya usiku, kuimirira pa lamba woyenda, kuika mabanzi m'makreti, osakweza mutu. Mnzake wa ajenti uja wa kuno anali kudula mayeni 15,000 pamwezi, akuti ya basi yotinyamula ndi yochapitsa yunifolomu. Palibe pepala limene ndinasaina lokhala ndi ndalama imeneyo. Lamulo limati ntchito ya pakati pa 10 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa iwonjezedwe 25 peresenti, koma pa kapepala ka malipiro kanga sindinkaiona bwinobwino, ndipo ndikafunsa ankandiyankha kuti ndiyambe ndaphunzira Chijapani. Buledi waulere? Wotsala yense ankawerengedwa n'kutayidwa, kutengako kamodzi kunali kuba. Pamwamba pa zimenezi panali lendi ya mayeni 55,000, ndipo polowa m'kachipindako ndinalipira dipoziti, ya ajenti wa nyumba, ndi ina yongothokoza mwini nyumba imene sibwerera konse. Fizi ya sukulu yanga inkapitirira mayeni 700,000 pachaka.

Amene anandiuza zoona ndi mayi wina wachikulire, mwini kabekale kakang'ono pafupi ndi siteshoni ya sitima, kumene ndimagwira tsopano. Nditawapempha kuti andionjezere maola mwamseri, anakana. Anatenga pepala n'kundiwerengera kuti maola 28 aja ndi a ntchito zonse pamodzi, osati iliyonse payokha, ndipo pokonzanso viza a zolowa ndi kutuluka amatha kuona mapepala a msonkho. Ukapezeka kuti unapyola, viza amaikana, umabwerera kwanu ndi ngongole zako. Anandiuzanso kuti pa tchuthi chachitali cha sukulu lamulo limalola maola 8 patsiku, ndiye ndizidikira nthawi imeneyo. Amandilipira pa tsiku lake, sadulapo kalikonse kosalembedwa, ndipo timakoko ta m'mbali mwa shokupan totsala popanga masangweji amandipatsa m'thumba.

Mayi yemweyo ndi amene anandichenjeza za mafuta. Achimwene ndi achemwali achisilamu, ndi inu a Seventh Day, mverani bwino apa. Buledi wina wa kuno amaikamo mafuta a nkhumba, ndipo kare pan kawirikawiri amakhala ndi nyama ya nkhumba kapena msuzi wake. M'bekale zing'onozing'ono kakhadi ka mtengo kamatchula mazira, mkaka ndi tirigu, za nkhumba nthawi zambiri sikanena. Funsani musanagwire chopanira, ndipo ngati wogulitsa akukayika, siyani.

Tsono inu amene mukuti mungofika basi, zina mukaonera konko, mukudzinamiza. Kuno kulibe malume woti akusungeni mwezi umodzi. Ajenti akakuuzani malipiro, muuzeni alembe maola ndi mtengo wa pa ola, muchulukitse nokha. Akatchula ndalama yopitirira imene maola 28 angabale, mutengereni pasipoti yanu n'kutuluka. Funsani zonse zimene azidula, zilembedwe. Ngati mulibe fizi ya chaka chathunthu m'manja musananyamuke, musanyamuke. Amene muli ndi digiri, yesani kaye maphunziro olipiridwa ndi boma la Japan kudzera ku ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe, kumeneko safuna dobadoba.

Ndipo amene mukundipempha kuti ndikutumizireni ndalama poona ndajambulitsa ndi melonpan, dziwani kuti ameneyo ndimagula madzulo, akamatidwa kapepala ka theka la mtengo, mpunga wa makilogalamu 5 utadutsa mayeni 4,000 mu 2025.