Miyezi 14 ndikukoka kalavani: sindikudandaula, koma livesi inandichititsa manyazi

Tisanagule, ine ndi mayi a ana tinakangana mwezi wathunthu. Iwo ankafuna motorhome, galimoto imene ili nyumba yomweyo, ungoliza injini n'kumapita. Ine mtima unali pa kalavani yokoka. Kuti mkangano uthe tinabwereka motorhome sabata imodzi, ulendo wa ku Lake District, dera la nyanja zambiri kumpoto kwa England. Tsiku lachiwiri mkaka unatha. Kuti tikagule mkakawo tinachita kuzula chingwe cha magetsi, kutseka gasi, kulongedza makapu ndi mphika wa ndiwo zotsala dzulo, n'kunyamuka ndi nyumba yonse. Titafika m'tauni, pakhomo pa malo oimikapo magalimoto panali chitsulo chopingasa cha mamita awiri, pamene chigalimoto chathucho chinkafika pafupifupi atatu. Nkhani inathera pomwepo.

Tinagula kalavani yakale ya anthu anayi, ndipo tsopano yatha miyezi 14. Ife tikafika pamalo timakhala masiku asanu kapena sabata, sitidumphadumpha ayi. Ndiye timaimasula, kutsitsa miyendo yake inayi, galimoto n'kukhala yomasuka. Ana akafuna kunyanja, tikafuna sitolo, timangokwera n'kupita, mphika uli phee pamalo pake.

Kumbali ya ndalama, kuno ku Britain kalavani sifuna MOT (kuyezetsa galimoto chaka ndi chaka ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu), ndipo ilibe msonkho wa pamsewu. Motorhome imafuna zonsezo, kuwonjezera inshuwalansi ndi injini yachiwiri yoti uziisamalira. Komabe musanamizidwe kuti ndi zaulere. Nyumba yathu ku Leicester ilibe bwalo, choncho ndimalipira malo osungira pafamu ina, komanso sevisi chaka chilichonse. Za laisensi zinaphweka: kuyambira pa 16 Disembala 2021, laisensi wamba ya galimoto imalola kukoka ngolo yofika makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena.

Koma kuloledwa n'kwina, kudziwa n'kwina. Ukamakoka supitirira mamailosi 60 pa ola pa motorway (msewu waukulu wothamangapo) ndi 50 m'misewu wamba, ndipo lamulo limakuletsa kulowa mzere wakumanja kwenikweni pa motorway ya mizere itatu kapena kuposa. Ulendo woyamba ndinaika thumba la ufa, zitini ndi tenti kumbuyo kwenikweni kwa kalavani. Pa motorway ya M1 chilole chitangotidutsa, kalavani inayamba kugwedeza mchira ngati njoka. Mayi a ana anangoti, "Bambo a Chisomo!" basi, mawu ena osatuluka. Ndinachotsa phazi pa moto pang'onopang'ono, mabuleki osaponda, mpaka inakhazikika. Kuyambira tsikulo katundu wolemera amakhala pansi, pamwamba pa ekiselo, ndipo ufa umakwera m'galimoto.

Livesi ndiye inandionetsa zakuda. Ukapotoza chiwongolero kumanja, kalavani ikupita kumanzere. Ku Wales ndinayesa kasanu ndi kawiri kulowa pamalo athu, anansi atakhala pamipando yawo ndi makapu a tiyi, kuonerera ngati mpira. Mkulu wina anadzuka mwaulemu n'kundithandiza kukankha ndi manja. Mwezi wotsatira ndinaikitsa motor mover, timamota togwira matayala tomwe umayendetsa ndi limoti utaima panja. Ndalama imeneyo sindiilira n'komwe.

Chimene chinandipweteka ndi chinyontho. Dzinja litatha tinapeza chuku kuseri kwa khushoni, pakona ya zenera lakutsogolo, khoma litafewa ngati buledi. Amene anatigulitsa sanatchule kanthu, nanenso sindinadziwe kuti pali kachipangizo koyezera chinyontho m'makoma. Kukonzetsa kunadya ndalama ya ulendo wa Pasaka. Motorhome nayonso imadontha, tisaiyeretse.

Ku Scotland mu Ogasiti ndi kumene mayi a ana anapezera mpata wondibwezera. Msewu wa North Coast 500, woyambira ku Inverness, ndi wa mamailosi 516, ndipo malo ambiri ndi kamsewu ka galimoto imodzi. Kumeneko umagona pano lero, mawa kwina, ndiye kumanga ndi kumasula tsiku ndi tsiku kunanditopetsa zedi. Msewu wa m'phiri wa Bealach na Bà wopita ku Applecross uli ndi chikwangwani chochenjeza a makalavani, choncho tinaisiya kumsasa n'kukwera ndi galimoto yokha. M'mawa mwake mvula ili pakati, ine ndili chogwada m'matope kukweza miyendo, a motorhome oyandikana nafe anangoliza injini n'kutibayibitsa. Mayi a ana anatsegula zenera pang'ono n'kufunsa ngati ndikufuna ambulera.