Zikuto za Mabuku a Dungeons & Dragons ndi Anzake: Thupi Pamtunda, Zida Zankhondo, Kapena Popanda Munthu?

Buku la malamulo a masewera a pa tebulo, aja oti mmodzi amayendetsa nkhani pamene enawo akusewera ngati ankhondo, amatsenga kapena mbala n'kumaponya madayisi, silikhala la munthu mmodzi. Limaikidwa pakati pa tebulo, limadutsa m'manja mwa aliyense, ndipo amene wabwera kudzaphunzira masewerawo koyamba amaona chikuto chake asanamve lamulo ngakhale limodzi. N'chifukwa chake mkangano wa zithunzi za akazi ovala mosabisa thupi pa zikuto za mabukuwa sunazirale, ngakhale kuti unayamba masewerawa akadali akhanda. Kampani ya TSR ya ku Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin inatulutsa Dungeons & Dragons m'chaka cha 1974, ndipo pofika 1976 inali itatulutsa kale kabuku kowonjezera kotchedwa Eldritch Wizardry, komwe pachikuto pake panali mkazi wamaliseche atagonekedwa paguwa la nsembe. Amene anajambula chithunzicho anali mkazi, Deborah Larson, ndipo mfundo imeneyi imasokoneza aliyense wofuna kuti nkhaniyi ikhale ya amuna kumbali ino, akazi kumbali inayo.

Amene akugula buku loti aziseweretsa gulu lake, kapena amene akukonza buku lakelake loti agulitse, ali ndi njira zingapo zimene ofalitsa mabuku anayesa kale, ndipo iliyonse ili ndi mbiri yoti n'kuiweruzira.

Njira yakale kwambiri ndi ya chikuto choonetsa thupi. Siinayambire m'masewera ayi. Inachokera ku zikuto za nkhani za Conan zimene Frank Frazetta ankajambula m'zaka za m'ma 1960, komanso kwa Red Sonja wa m'makomiki a Marvel a m'zaka za m'ma 1970, wankhondo wamkazi amene chovala chake chachitsulo chinkangophimba mabere ndi m'chiuno. Ojambula a TSR anakulira pa zithunzi zoterezi. Pachikuto cha Dungeon Masters Guide cha 1979, buku la woyendetsa nkhani, chojambulidwa ndi David C. Sutherland III, pali chiwanda chachikulu chofiira chitanyamula mkazi wosavala mokwanira m'dzanja lake pamene amuna awiri akulimbana nacho, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ojambula aluso monga Clyde Caldwell ndi Larry Elmore anapitiriza kajambulidwe ka akazi okongola ovala zochepa m'mabuku ndi m'magazini ya Dragon.

Oikira kumbuyo njira imeneyi ali ndi mfundo zimene siziyenera kungokankhidwa. Amati ndi mwambo wa nkhani zamtunduwu, kuti ojambulawo anali akatswiri enieni, ndiponso kuti amuna nawonso amajambulidwa chifuwa chili pamtunda, Conan mwiniwakeyo atangomanga kansalu m'chiuno. Mfundo yomalizayi ndi yoona mwatheka chabe. Mwamuna wosavala pa zikuto zimenezi amakhala ataimirira, lupanga lili m'manja, minofu ikusonyeza mphamvu, ndipo woona amalakalaka atakhala iyeyo. Mkazi wosavala nthawi zambiri amakhala atagona, atamangidwa, atanyamulidwa, kapena atapotoza msana m'njira imene palibe munthu angamenyere nkhondo, ndipo woona amapemphedwa kumuyang'ana, osati kukhala iye. M'masewera amene cholinga chake chonse n'chakuti wosewera alowe m'thupi la munthu wa m'nkhani, kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa kuchuluka kwa khungu limene likuoneka. Mtsikana amene wakhala patebulopo akufunafuna pachikuto munthu woti akhale iye, ndipo ngati wamkazi yekhayo amene akumuona ndi amene akudikira kupulumutsidwa, buku lamuuza kale malo ake.

M'kati mwa njira yomweyi muli mitundu iwiri imene anthu amaiphatikiza molakwika. Pali zikuto zimene zimanama, ndipo pali zimene zimanena zoona. Wizards of the Coast, imene inagula TSR m'chaka cha 1997, itatsegula malamulo a Dungeons & Dragons kwa ofalitsa ena m'chaka cha 2000, mashelefu anadzaza ndi mabuku owonjezera, ndipo kampani ya Avalanche Press inadziwika ndi zikuto za akazi ovala zochepa pa mabuku amene m'kati mwake munali nkhani za mbiri yakale ndi nthano za mitundu ya anthu. Chimodzimodzinso Savant and Sorcerer, buku la masewera a Exalted limene White Wolf inatulutsa m'chaka cha 2004, linali la malamulo a matsenga, koma chimene anthu amachikumbukira mpaka lero ndi mkazi amene Hyung-tae Kim anajambula pachikuto. Zikuto zotere zimapweteka mbali zonse ziwiri: wofuna za m'katimo amachita manyazi kunyamula bukulo pagulu, ndipo wokopeka ndi chithunzicho sapeza chimene chikutocho chinamulonjeza. Kunena mosapita m'mbali, uku n'kugulitsa chimanga m'thumba lolembedwa kuti shuga.

Mtundu winawo ndi wa mabuku amene ndi a akuluakulu ndithu ndipo sabisa. Book of Erotic Fantasy, la m'chaka cha 2003, linali la nkhani za kugonana m'masewera, dzina lake likunena kale zimenezo, ndipo Wizards of the Coast inasintha laisensi ya d20, chizindikiro chosonyeza kuti buku likugwirizana ndi malamulo a Dungeons & Dragons, n'kuikamo lamulo la makhalidwe oyenera kuti buku lotere lisanyamule chizindikirocho. Bukulo linatulukabe pansi pa laisensi ina yotseguka. White Wolf inali ndi dzina lapadera, Black Dog Game Factory, losindikizira mabuku a akuluakulu okhaokha. Munthu akhoza kudana ndi mabuku amenewa, koma sanganene kuti anamupusitsa, ndipo pa zifukwa zimenezi ine ndimaona kuti ali ndi mlandu wochepa poyerekeza ndi buku la mbiri yakale lovekedwa chikuto chodzutsa chilakolako.

Njira yachiwiri, imene makampani akuluakulu atsamira kwambiri masiku ano, ndi yosunga anthu pachikuto koma atavala mogwirizana ndi ntchito yawo ndiponso akuchitapo kanthu. Kusinthaku sikunachitike tsiku limodzi, ndipo Pathfinder, masewera ena amtunduwu a kampani ya Paizo, ikusonyeza bwino zimenezi, chifukwa wojambula mmodzi yemweyo, Wayne Reynolds, ndiye anapanga onse awiri: Seoni, wamatsenga wovala mkanjo wong'ambika m'mbali amene ali pachikuto cha buku lalikulu la malamulo la 2009 akulimbana ndi chinjoka chofiira, ndi Seelah, wankhondo wamkazi wachikuda wovala zida zachitsulo kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Seoni ali pakati pa njira ziwirizi, pakuti thupi lake lili pamtunda koma iye akumenya nkhondo, sakudikira mwamuna; anthu amatsutsana za iye mpaka pano, ndipo kutsutsanako kuli ndi phindu chifukwa kumaonetsa kuti funso la zovala ndi funso la chimene munthuyo akuchita ndi mafunso awiri osiyana. Reynolds yemweyo anajambulanso chikuto cha Player's Handbook ya 2008, buku la osewera a Dungeons & Dragons, pamene mkazi wamatsenga wovala zoonetsa chifuwa waima pambali pa wankhondo wooneka ngati chinjoka amene wavala zida thupi lonse. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, Player's Handbook ya 2014 inatuluka ndi chithunzi cha Tyler Jacobson, chosonyeza mkazi wovala mokwanira akudumphira chimphona chamoto chotchedwa King Snurre, ndipo m'kati mwake chitsanzo cha mtundu wa anthu wamba chinali mkazi wachikuda wonyamula lupanga ndi chishango.

Ubwino wa njira imeneyi ndi woonekeratu kwa aliyense amene anayesapo kuitana anthu atsopano. Buku lotere likhoza kuikidwa patebulo la kusukulu, mulaibulale kapena pabalaza pamene makolo akudutsa, popanda kulitembenuza chafufumimba, ndipo limauza wosewera zoona za masewerawo, zoti adzakhala munthu wolimbana ndi zoopsa. Zofooka zake ziliponso. Kuveka munthu chitsulo sikuthetsa nkhani ngati chitsulocho chasulidwa motsatira mabere, kapena ngati wojambula wapotozabe thupilo kuti chiuno ndi chifuwa zionekere limodzi. Ndipo odandaula kuti zikuto zamakono zikufanana kwambiri, zonse zosalala ndi zosamala ngati zavomerezedwa ndi komiti, sakunama kotheratu. Hasbro, imene inagula Wizards of the Coast m'chaka cha 1999, ndi kampani ya zidole za ana ndipo ili ndi zifukwa zake zamalonda zopewera chilichonse chokhumudwitsa. Koma kufanana kwa zikuto ndi vuto la kusowa kulimba mtima pa luso, ndipo silichiritsidwa pomuvula mkazi.

Pa mantha a makampani, ndi bwino kukumbukira kuti si a lero. M'chaka cha 1981 TSR inabweza kabuku ka Palace of the Silver Princess, kolembedwa ndi Jean Wells, katangosindikizidwa kumene, makamaka chifukwa cha zithunzi za m'kati, ndipo kanatulukanso katakonzedwa ndi Tom Moldvay, chikuto chitasintha kuchoka pa mtundu wa lalanje kukhala chobiriwira. M'zaka zotsatira, makolo ndi magulu achipembedzo a ku America ataukira masewerawa ponena kuti ndi a Satana, kampaniyo inafika pochotsa mayina a ziwanda m'malamulo a 1989. Choncho amene amati kale kunali ufulu wonse ndipo lero kuli ziletso zokhazokha akukumbukira mosankha.

Njira yachitatu ndi yochotsa munthu pachikuto. Traveller, imene Game Designers' Workshop inatulutsa m'chaka cha 1977, inali m'bokosi lakuda lokhala ndi mzere wofiira ndi mawu basi. Mabuku atatu oyambirira a Dungeons & Dragons a m'chaka cha 2000 anapangidwa kuti azioneka ngati mabuku akale amatsenga okhomedwa zitsulo ndi miyala yamtengo wapatali. Koma chitsanzo chogwira mtima ndi Vampire: The Masquerade ya 1991, masewera odzaza ndi chilakolako, magazi ndi kukopana, amene akanatha kuika mkazi wovala zochepa pachikuto popanda wowadabwa, koma anaikapo duwa limodzi lofiira pamwala wobiriwira wa mabo. Chikuto chimenecho chinanena zonse za mtima wa masewerawo popanda kuvula aliyense, ndipo n'chimodzi mwa zikuto zodziwika kwambiri m'mbiri ya masewerawa. Komabe njirayi imafuna chizindikiro champhamvu choterocho, apo ayi chikuto chimangokhala chosalankhula, ndipo munthu amene sanamvepo za masewerawa sadziwa ngati wanyamula buku la nthano kapena la masamu. Imangozembanso funso m'malo moliyankha, chifukwa zithunzi za m'kati zikhoza kukhala chilichonse, ndipo wogula wanzeru amatsegula masamba asanakhulupirire chikuto chaulemu.

Tikaziika pamodzi, kusankha kumadalira tebulo limene bukulo likupita. Kwa gulu losakanikirana, la ana ndi akulu kapena la anthu osadziwana, njira yachiwiri ndiyo yopambana, chifukwa imaitana aliyense ndipo sinama. Kwa wofalitsa wamng'ono amene alibe ndalama zolipira wojambula waluso pa matupi a anthu, njira yachitatu ndi yotetezeka, ndipo imaoneka bwino ngakhale chikuto chitachepa kukhala kachithunzi kakang'ono pa sitolo ya pa intaneti, pamene mabuku ambiri amagulidwa ngati PDF. Njira yoyamba ili ndi malo ake pa mabuku a akuluakulu olembedwa moonekera kuti ndi otero, ndipo masitolo monga DriveThruRPG amabisa mabuku otere kwa amene sanasankhe kuwaona.

Ena amati yankho ndi kusindikiza zikuto ziwiri za buku limodzi kuti aliyense asankhe. Wizards of the Coast yakhala ikutulutsa zikuto zapadera kuyambira ndi Volo's Guide to Monsters ya 2016, zambiri mwa izo zokhala ndi zizindikiro m'malo mwa zochitika, koma cholinga chake chinali kukokera ogula ku masitolo ang'onoang'ono a masewera, osati kuthetsa mkanganowu. Zikutozo zimasindikizidwa zochepa ndipo zimagulitsidwa m'masitolo amenewo, kotero kuti munthu wokhala kutali ndi sitolo yotere, amene amaitanitsa buku kuchokera kunja n'kulipira mtengo wotumizira, amalandira chikuto chachizolowezi. Wofalitsa wamng'ono nayenso sangakwanitse kulipira ojambula awiri ndi kusindikiza kawiri, ndipo kwa iye chikuto chimodzi chimene wasankhacho ndicho chidzafika patebulo lililonse.