AI yolipira ija, patatha miyezi ndikuigwiritsa ntchito pashopu

Ena mwakhala mukufunsa ngati ndikulipirabe AI ija, pulogalamu ya pa intaneti imene umailembera funso nkukuyankha kapena kukulembera zinthu, ya madola 20 pamwezi imene ndinaiyamikira nditangoiyamba. Eya ndikulipirabe, koma zoti ati ibweretsa mphunzitsi ndi dotolo m'thumba mwa munthu aliyense padziko lapansi, ngati mmene eni ake amalankhulira pa siteji, ine ayi sindikuziona. Kwa amene simundidziwa, ndili ndi kashopu kotaipa, kuprinta ndi kufotokopa pa boma pano, makasitomala ambiri ndi ofuna ma CV, makalata ofunsira ntchito ndi ma quotation.

Pa Chingerezi ndisaname imagwira ntchito. Munthu amabwera ndi kapepala kolembalemba ndi bolopeni, ndikangoikamo mfundo zake kalata yatuluka yoyera bwino, ine nkungokonza apa ndi apo. Ma formula a Excel amene ndinkavutika nawo pano ndi nkhani ya mphindi zochepa. Chongofunika kusamala ndi choti imakonda kukometsera, CV ya mnyamata amene anangogwirako ganyu pa hardware imatha kumusandutsa supervisor, ndiye uwerenge mzere uliwonse apo ayi ukamuchititsa manyazi munthu ku intavyu.

Chichewa ndiye mavuto. Imalemba ngati mzungu wa mishoni amene anaphunzira chilankhulo m'buku, mawu alipo koma palibe munthu angayankhule choncho, pena kuponyamo mawu a Chiswahili pena a Chishona molimba mtima ndithu. Kalata yopita kwa a gulupu kapena pulogalamu ya maliro sindiyesanso, ulemu wake sizimaudziwa. Ndipo ukaifunsa za kuno, monga ndondomeko yolembetsera bizinesi, imayankha mosakayika konse zinthu zoti ukafika pa ofesi akudabwa kuti wazitenga kuti.

Chondiwawa kwambiri ndi kalipiridwe. Madola 20 pa reti ya kubanki ndi cha m'ma K35,000, koma dola ya kubankiyo waipeza? Khadi langa limakanidwa kawirikawiri, ndiye ndimapempha msuweni wanga wa ku Joni kuti andilipirire ine nkumubwezera pa reti ya kunja imene nonse mukuidziwa. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse cholipira m'madola chinangothawa, pomwe eni AI mtengo wawo ndi womwewo ngati ndimalandira malipiro a ku California. Onjezani bandulo, onjezani masiku oti magetsi azima kuyambira m'mawa. Ndiye amene ikumuthandiza ndi munthu woti ali kale ndi magetsi, laputopu, Chingerezi ndi m'bale kunja, mayi wogulitsa tomato panja pa shopu yangayi sizikumukhudza olo pang'ono.

Ndipo nyimbo iyi yoti makampani akuluakulu abwera kudzathandiza osauka tinaimvapo kale. Facebook inayambitsa Internet.org ku Zambia mu July 2014 pamodzi ndi Airtel, kuno inafika 2015, kenako nkuitcha Free Basics. Ankati intaneti yaulere kwa osauka, koma inali timawebusaiti towerengeka tosankhidwa ndi iwo eni, popanda mavidiyo, Facebook yawo ili pakati, mpaka India inaletsa zimenezi mu February 2016. Kampani yomweyo inali ndi ndege zopanda woyendetsa zotchedwa Aquila zoti zizimwaza intaneti kuchokera mumlengalenga, inazisiya 2018. Mu 2019 inalengeza ndalama yake ya pa intaneti yotchedwa Libra yoti ithandize anthu opanda akaunti ya kubanki, anaisintha dzina kukhala Diem, pofika January 2022 nkhani yatha osatumiza olo tambala kwa aliyense, pamene ife mobile money tinali tikuigwiritsa kale ntchito pa kafoni ka mabatani.

Imene imandikhudza kwambiri ndi Loon, mabaluni aja omwaza intaneti kuchokera mumlengalenga a kampani ya Alphabet, eni ake a Google. Mu 2020 anayamba kupereka intaneti ku Kenya ndi Telkom Kenya, ndipo chaka chomwecho anagwirizana ndi Vodacom kuti afike ku Cabo Delgado ndi Niassa ku Mozambique, kutsidya kwa nyanja kumene kuli abale athu. January 2021 akuti tikutseka, bizinesi sikupindulitsa. Basi. Sindikuti ndi anthu oipa, ndi amalonda ngati ine ndemwe, kungoti ine ndikamagulitsa fotokope sindiuza munthu kuti ndabwera kudzathetsa umphawi.

Palinso nkhani ya ma data a anthu. CV imakhala ndi dzina, nambala ya foni, mudzi ndi mfumu, zonsezo zikupita ku ma server, makompyuta a kampaniyo osungira zinthu, amene sindidziwa ali kuti, ndiye masiku ano ndimachotsa kaye mayina ndi manambala nkudzaziikanso pa Word ndikamaliza. Zimadya nthawi koma makasitomala anga sanavomere zopereka zinthu zawo kwa kampani yakunja.

Amene mukufuna kuyesa yambani ndi yaulere, pa makalata wamba ikukwana. Mukafuna yolipira lipirani mwezi ndi mwezi osati chaka chonse, ndipo ma template abwino amene yakupangirani muziwasunga pa flash. Ine December ndi January ndimaiimitsa kaye poti ofunsira ntchito amachepa, ndimadzayambiranso ma vacancy akayamba kutuluka munyuzi.