Cry, the Beloved Country pa DVD: filimu ndikuitamabe, chimbale n'chimene chandikhumudwitsa

Alamu anga a ku Dedza anandifunsa pa WhatsApp ngati filimu ija ndinkaichemerera nditangoigula ndikuichemererabe, poti akufuna ndiwatengere ndikamapita kumudzi. Chimbalechi ndakhala nacho miyezi yambiri kuno ku Joni, ndachionera ndekha, ndachioneranso ndi anzanga a kutchalitchi, ndiye zonena zilipo, zokoma ndi zowawa zomwe.

Kwa amene simukuidziwa, iyi ndi filimu ya 1995 yomwe anatsogolera Darrell Roodt, yochokera m'buku la Alan Paton lomwe linatuluka mu 1948. Nkhani yake ikuchitika cha mu 1946. M'busa wachikulire, Stephen Kumalo, akuchoka kumudzi kwawo ku Ndotsheni m'dera la Natal kupita ku Johannesburg kukafuna mlongo wake Gertrude ndi mwana wake Absalom, amene anapita osalembanso kalata. Akampeza mwanayo ali m'manja mwa apolisi, wapha mzungu, Arthur Jarvis, munthu amene ankamenyera ufulu wa anthu akuda. Bambo wa wophedwayo, James Jarvis, ndi mlimi wolemera wa kumtunda kwa chigwa chomwecho kumene m'busayo amakhala.

Zina sindichedwa nazo. Zithunzi za mapiri a Natal n'zokongola. Zovala, sitima ya pamtunda ndi magalimoto akale zimakufikitsadi m'zaka zimenezo. Vusi Kunene, amene akusewera ngati m'busa Msimangu, wagwira ntchito yooneka. Leleti Khumalo ali ndi mbali yaing'ono ya mtsikana woyembekezera wa Absalom, koma nkhope yake simuiiwala.

Pamene pamandigwira mtima ndi pakhomo paja. Kumalo, yemwe ndi James Earl Jones, akupita kunyumba ina ya azungu kukafunsa za mwana wa munthu wa kumudzi kwawo, osadziwa kuti amene atsegule chitseko ndi Jarvis, yemwe ndi Richard Harris. M'busayo akumzindikira nthawi yomweyo, miyendo ikufooka, mawu akukana kutuluka. Jarvis sakudziwa kanthu, akungoona nkhalamba yodwala, akufuna kuithandiza. Kenaka pang'onopang'ono m'busayo akuulula kuti chimene chikumlemera iye ndi chomwecho chikumlemera mzunguyo, kuti mwana wake ndiye anapha mwana wa Jarvis. Palibe kukuwa, palibe kutukwana. Harris akungoima, nkhope yauma gwaa, mumaona munthu akumeza chinthu chosamezeka. Jones, thupi lonse lija ndi mawu aakulu aja, akuchepa pamaso panu. Abambo awiri, aliyense wataya mwana, ndipo winayo mwana wake akadali moyo koma chingwe chikumudikira. Ulendo uliwonse ndikafika pamenepa ndimapeza china chimene ndinali ndisanaone, makamaka manja a Jones mmene akunjenjemerera.

Tsono tamvani zimene chimbale changa chimachita. Miyezi yoyamba chinkayenda bwinobwino. Kenaka chinayamba kugwira, ndipo malo ake ogwira ndi omwewo, pakhomo paja. M'busa akangotsegula pakamwa, chithunzi chimaima, nkhope imasweka tizidutswatizidutswa, makina amalira chapansipansi, kenaka amalumpha n'kukatulukira patsogolo nkhani itadutsa kale. Tsiku lina ndinali ndi alendo, amayi ena achikulire amene mwana wawo anabwera kuno kalekale osabwereranso. Anali atatsamira kutsogolo, chitenje chili pakamwa, ndiye chimbale n'kuima. Ndinapukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete monga amalangizira, ndinayesa pa laputopu, ndinabwereka makina a neba, koma ayi ndithu. Mapeto ake ndinawafotokozera ndi pakamwa zimene zimachitika pamenepo, ndipo mtima unandiwawa kwambiri chifukwa ine si Jones.

Mnyamata wina wokonza zamagetsi ndiye anandionetsa gwero la vutoli. Anatembenuza chimbalecho n'kundiuza kuti ndione mtundu wa kunsi kwake. Chimbale chochokera kufakitale chimakhala cha mtundu wa siliva, chifukwa filimu amachita kuidinda. Changa n'chofiirira mopita ku pepo, kusonyeza kuti ndi DVD-R, chimbale chimene munthu amakoperapo pa kompyuta. Choterechi chimasunga filimu mu utoto wopyapyala, ndipo utotowo umafooka ndi kutentha komanso dzuwa. Chikuto chinali chosindikizidwa bwino, chokutidwa m'pulasitiki, ndipo wogulitsa anandilumbirira kuti ndi orijino. Ndinalipira R180.

Pali masiku amene ndimakwiya ndi filimu yeniyeniyo, osati chimbale chokha. Nyimbo za John Barry n'zokoma, koma nthawi zina zimatsekemera mopitirira, zimakuuzani kuti lirani tsopano pamene nkhani ikanakulizani yokha. Chingerezi cha Jones chimamveka kuti munthuyu ndi wa ku America, ndipo amene timakhala ndi Azulu tsiku ndi tsiku timamva msanga. Chinanso, buku limakhalitsa pa chimene chinkathamangitsa achinyamata kumidzi: nthaka yokokoloka, minda yochepa imene anthu akuda anatsala nayo, migodi yofuna antchito otsika mtengo. Paton ankazidziwa zimenezi, anali mkulu wa Diepkloof Reformatory, malo osungirako ana olakwa, kuyambira 1935, ndipo bukulo linatuluka miyezi yochepa chipani cha National Party chisanapambane chisankho cha 1948 n'kukhazikitsa apartheid. Filimu yadutsa mothamanga pa zimenezi n'kuika mtima pa kukhululukirana kwa abambo awiri. Ndikumvetsa, inatuluka patangotha chaka chisankho cha 1994 chitachitika, dziko likufuna kuyanjana. Komabe John Kumalo, mchimwene wa m'busayo amene amayankhula za ndale, akuoneka ngati munthu wodzikonda basi. Amapezera mwana wake loya, mwanayo n'kumasulidwa, Absalom amene anavomera mlandu n'kuweruzidwa kuti anyongedwe. Zoipa zake n'zoona, koma zimene amanena zokhudza malipiro a m'migodi zinali zoonanso, ndipo filimu sikuzipatsa mpata wokwanira.

Koma ndikakhala pansi mkwiyowo umatha, chifukwa nkhaniyi ndi yathu ngakhale ikuchitikira kwa Azulu. Ndi mudzi uti kwathu umene ulibe mtchona? Azigogo athu anabwera kuno kudzera ku Wenela, mpaka boma la Malawi linaimitsa kulemba anthu ntchito za m'migodi mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Pambuyo pake kunabwera Teba, ndipo lero ndi mabasi odutsa pa Mwanza ndi Beitbridge. Kholo loyenda khomo ndi khomo kufunsa za mwana, uku akuti anasamuka, uko akuti tinamuona chaka chatha, timalidziwa. Amayi ndanena aja atachoka anandiuza kuti m'busayo ali ndi mwayi, chifukwa iye mwana wake anamupeza.

Wogulitsa uja ndinamubwerera ndi risiti m'manja. Poyamba anati makina anga ndi akale. Nditamuuza kuti ayese pa ake, chinagwira malo omwewo iye akuona. Anasintha nyimbo n'kuti chimbale ndachikanda ndine, chonsecho kunsi kwake kulibe ngakhale kamzere. Nditamuonetsa mtundu wa pepo uja anakhala chete, kenaka anati masiku obweza katundu anadutsa kale. Chimene anavomera n'kundikopera china pa R50, kutanthauza kuti ndilipirenso feki yachiwiri pamwamba pa feki yoyamba. Ndinakana. Chimene chinandipweteka si ndalama zokha, koma kuti munthuyu ndinkamugula zinthu kawirikawiri, tinkapatsana moni ngati abale, ndipo akanandiuza poyera kuti n'chokopera ndikanasankha ndekha.

Choncho alamu ndawayankha kuti filimu ndiwatengera, koma osati ya kumeneko. Ndikufunafuna chimbale chenicheni m'masitolo ogulitsa mabuku ndi zimbale zakale, ndipo ndisanatulutse ndalama ndidzatsegula chikuto kuti ndione siliva kunsi, wogulitsa akakana ndidzatuluka. Cha orijino ndingalipire ngakhale R250 osadandaula, chifukwa mphindi zochepa zija za pakhomo zokha zimakwanira mtengowo. R180 ija ndaiwerengera kuti inapita, ndipo m'sitolo ija sindidzagulamonso ngakhale batire ya rimoti.